Mita inkandilipiritsa dzuwa la padenga langa

Pakhomo pano mayunitsi ndimagula ndine, ndipo ndimalemba. Ntchito yanga ndi ya mabuku a ndalama, ndiye dzanja lidazolowera: tsiku, ndalama, mayunitsi, zonse m'kabuku kamene kamakhala pamwamba pa furiji. Tidaika sola mu 2022, chaka chija namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Ndalama zake zidali za ngongole, choncho ndinkadziwa bwino chimene ndinkafuna kuona m'kabukumo. Manambala atsike, ngongole idzibweze yokha.

Kuwala tidakupeza. Ndiwo zidaleka kusasa m'furiji, ana amawerenga usiku mzere wonse uli bii. Koma mayunitsi ankatha ngati kale, ndipo itafika miyezi ya dzuwa loswa mtengo adayamba kutha msanga kuposa nthawi imene tidalibe sola. Sabata ya mitambo tokeni inkakhalitsa. Sabata ya dzuwa inkangosungunuka.

Bambo a kunyumba ankati mwina wina walumikiza waya kwa ife mobisa. Adazungulira mpanda wonse, sadapeze kanthu. Amene adatiikira solayo foni ankayankha, koma yankho lidali limodzi: «Mayi, zonse zili bwino, muchepetse kugwiritsa ntchito.» Kuchepetsa chiyani, nyumba imakhala yokiya kuyambira m'mawa mpaka madzulo?

Loweruka lija masana

Ku mphakati kwathu kuli abambo ena achikulire amene adapuma pa ntchito ya zamagetsi. Nditawafotokozera, sadandifunse za mapanelo kapena mabatire. Adangofunsa kuti mayunitsi amatha kwambiri nthawi yanji. Nditanena kuti masiku a dzuwa, adati abwera Loweruka, koma osati m'mawa. Dzuwa likakhala paliwombo.

Adafika ndi kachikwama kawo ka zida. Adayang'ana pa galasi la inveta, bokosi limene limasintha magetsi a mapanelo kuti agwire ntchito m'nyumba, adaona kuti mabatire adzaza, ndiye adati:

«Mayi, tazimitsani chilichonse m'nyumba muno. Furiji yomwe, TV, ngakhale chaja ya foni.»

Ndidazimitsa. Iwo adatsitsa masiwichi a zipinda pa bokosi la magetsi kuti pasatsale chokayikitsa. Kenako tidaima pa kabokosi kamene timalowetsera tokeni.

Kanyali kofiira kaja kankaphethira. Osati mwa apo ndi apo ngati usiku tikagona ayi, kankaphethira mothamanga ngati pamene ndayatsa kuka ndi ayironi nthawi imodzi. Manambala a kumapeto ankatsika ine ndikuona. M'nyumba mudali zii, ngakhale kulira kwa furiji kudalibe, koma ndalama zanga zinkapita.

Abambowo adapita kukatseka siwichi ya mapanelo. Kanyali kadaima. Adatsegula, padapita kamphindi, kadayambanso. Adabwereza kachiwiri osanena kanthu, kuti ndione ndekha.

«Mwaona, mayi? Palibe akukuberani. Ndinu amene mukupereka magetsi kunja, ndipo mitayi ikukulipiritsani chifukwa choperekako.»

Ndidakhala pansi pakhonde. Miyezi yonse ija ndinkayang'ana dzuwa m'mawa n'kumathokoza Mulungu kuti lero sola igwira bwino.

Magetsi ankapita kuti

Adandifotokozera modekha, akujambula ndi kamtengo pa dothi. Mapanelo akapanga magetsi, inveta imayamba kudyetsa nyumba, kenako mabatire. Mabatire akadzaza nyumba isakufuna zambiri, otsalawo amafuna kolowera. Inveta ya mtundu wathuwu, ngati sadaiuze kuti isatero, imakweza mphamvu yake pang'ono kuposa ma volt 230 a pa mzere wa ESCOM, ndipo magetsi amatuluka kudzera pa waya womwe uja amalowera.

Sapita kutali. Amalowa m'nyumba yoyandikana imene ikuwafuna nthawi imeneyo: furiji ya mayi wa mafirizesi kuseri kwathu, makina a wometa tsitsi pa kona, aliyense amene tili naye pa thiransifoma imodzi. Mita yawo imawerenga, iwo amalipira monga mwa nthawi zonse. Yanganso imawerenga. Yunitsi imodzi, yopangidwa padenga langa, inkalipiridwa ndi anthu awiri.

Ndidafunsa ngati mitayo ndi yowonongeka. Adati ayi, ikuchita zimene adaipangira. Mamita ambiri olipiriratu adapangidwa nthawi imene magetsi ankayenda njira imodzi yokha, kuchoka ku polo kulowa m'nyumba. Opanga ake ankaopa anthu otembenuza mawaya kuti mita ibwerere m'mbuyo, ndiye adaipanga kuti iziwerenga chilichonse chodutsa, kaya chikulowa kaya chikutuluka. Ina ikaona magetsi akubwerera imangoganiza kuti wina akuiseweretsa, n'kudzitseka. Mamita akale aja a kambale kozungulira ndi amene ankatha kubwerera m'mbuyo.

Mankhwala ake adali kachipangizo kakang'ono kotchedwa CT, kamene amakamanga pa waya wolowa m'nyumba. Kamauza inveta kuti magetsi ayamba kutuluka, inveta n'kudzichepetsa yokha. Amene adatiikira sola sadakaike. Abambo aja adabwera nako sabata yotsatira, adasintha zina pa inveta, ndipo kuyambira pamenepo tokeni idayamba kukhalitsa monga ndinkayembekezera poyamba.

Chimene sichinandichoke

Nkhani ikadathera pomwepo, bwenzi ndisakulemba. Koma kuchokera tsiku limenelo ndidayamba kumayang'ana galasi la inveta, ndipo ndi pamene ndidaona chinthu china.

M'mawa nambala imakwera bwinobwino, mabatire akumwa. Ikamakwana cha m'ma 11 mabatire adzaza, nambalayo imagwa pansi, kutsala ka furiji kokha. Dzuwa likadali pomwepo, mapanelo ali bwino, koma inveta yawauza kuti akhale chete. Maola amene dzuwa lili ndi mphamvu zonse ndi omwe denga langa limagona tulo. Yunitsi imodzi ndi kilowati imodzi kwa ola limodzi, ndiye denga la makilowati atatu kapena anayi likangokhala maola anayi, mwaona nokha mayunitsi angati amene sadabadwe n'komwe. Tsiku lililonse la dzuwa.

Izi zikuchitika m'dziko limene kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndi zimene zimaunikira magetsi. Dziko limene Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse amadalira mtsinje umodzi wa Shire, ndipo madzi akachepa kapena akasefukira tonse timagona mumdima. Ine zimandipweteka. Poyamba ndinkalira mayunitsi anga, pano ndimalira magetsi amene palibe akuwagwiritsa ntchito.

Tsiku lina ndidawauza abambo aja kuti ndikadakonda kungowapereka ulere. Magetsi akazima, bwanji osatsegula kuti wometa tsitsi uja apitirize ntchito?

Nkhope yawo idasintha.

«Mayi, zimenezo musadzayese, ndipo wina akadzati akuchitirani, mudzamuthamangitse. Ine ndakwera mapolo moyo wanga wonse. Tikazimitsa mzere timagwira waya ndi mtima umodzi kuti wafa. Thiransifoma imagwira mbali zonse ziwiri. Ma volt 230 anuwo akalowera chakumbuyo amakatuluka 11,000. Mwana wa mwini ali pamwamba pa polo, inu muli m'khitchini simukudziwa.»

N'chifukwa chake inveta yovomerezeka imadzidula ku mzere m'masekondi ochepa magetsi akangozima, ndipo siibwerera mpaka itaona kuti mzere wakhazikika. N'chifukwa chakenso eni mawaya amayenera kudziwa nyumba iliyonse imene ingathe kukankhira magetsi kunja. Ndinkaona ngati kulembetsa ndi mapepala ongovutitsa anthu. Kwa munthu amene wakwerapo polo, ndi mndandanda wa nyumba zimene zingamuphe.

Mita yowerenga mbali ziwiri

Achimwene anga ali ku Cape Town, amagwira ntchito ndi kagulu koika sola m'nyumba za anthu. Nditawafotokozera zonsezi pa WhatsApp adanditumizira zithunzi ziwiri za mita imodzi. Pa china padalembedwa 1.8.0 ndi nambala pansi pake, pa china 2.8.0 ndi nambala ina.

«Achemwali, yoyambayo ndi magetsi amene nyumba yatenga. Yachiwiriyo ndi amene yapereka. Mita imasunga mabuku awiri, ngati inu kuntchito.»

Kumeneko mwini nyumba amalembetsa sola yake ku khonsolo ya mzinda, injiniya amatsimikiza kuti idaikidwa bwino, kenako amamuikira mita ya mbali ziwiriyi, imene amalipira yekha. Zimene wapereka zimachotsedwa pa bilu yake, ndipo kuyambira 2023 mzindawo udayamba kulipira ndalama zenizeni kwa amene apereka zochuluka kuposa bilu yawo. Achimwene adawonjeza kuti ambiri mwa makasitomala awo amasankhabe kusatulutsa magetsi, chifukwa akawerengera mtengo wa mitayo ndi zimene angalandire, amaona kuti zitenga zaka. Mfundo imeneyi ndidaisunga.

Ku Britain lamulo la mtunduwu lidayamba mu Januwale 2020. Makampani akuluakulu ogulitsa magetsi amakakamizidwa kugula zimene nyumba zatulutsa, ndipo chofunika choyamba ndi mita yotha kuwerenga zotulukazo theka la ola lililonse.

Koma chimene chidandigwira mtima kwambiri ndi cha anansi athu ku Zambia. Chilala cha 2024 chidachepetsa kwambiri madzi a m'damu la Kariba mpaka anthu a ku Lusaka ndi ku Chipata ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Chaka chomwecho boma lawo lidatulutsa malamulo olola nyumba ndi mabizinesi kupereka magetsi a sola ku mawaya a ZESCO, kampani yawo ya magetsi, kudzera pa mita ya mbali ziwiri. Mavuto awo ndi ofanana ndi athu: madzi a mtsinje, dzuwa lambiri, ndalama zochepa. Adafika poona kuti madenga a anthu nawonso ndi malo opangira magetsi.

Ndipo kwathu kuno nkhani yoti dzuwa lilowe m'mawaya a dziko si yachilendo. Ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene udayamba kugwira ntchito mu 2021. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire ake. Magetsi awo amadutsa pa mita, amawerengedwa, ESCOM imagula pa mtengo wogwirizana. Kusiyana kwawo ndi denga langa ndi kukula, koma funso ndi lomwelo: ndani akuwerenga, ndipo akulipira bwanji?

Nkhani ya mtengo

Apa ndi pamene anthu a sola timakangana tikakumana. Njira zilipo ziwiri. Ina ndi yosinthana yunitsi kwa yunitsi: wapereka khumi masana, utenga khumi usiku osalipira. Ina ndi yoti zimene wapereka akugule pa mtengo wotsika, zimene watenga ugule pa mtengo wa aliyense.

Aliyense amene ali ndi mapanelo amafuna yoyambayo. Inenso mtima umafuna yomweyo, ngongole ija sindidaiiwale. Koma ndine wa mabuku, ndipo mabuku ake sakugwirizana.

Magetsi a masana ali ngati chimanga cha mu Meyi, pamene aliyense wakolola. A madzulo ndi chimanga cha mu Febuluwale. Thumba ndi lomwelo, koma amene adalisunga, adalithira mankhwala, adalilondera miyezi yonseyo, sangakupatse pa mtengo umene udamugulitsira. Nthawi imene dziko limafuna magetsi kwambiri ndi pamene anthu aweruka, makuka ayaka, ma TV atsegulidwa, ndipo nthawi imeneyo padenga langa palibe kanthu. Wina ayenera kukhala ndi makina odikira ola limenelo. Wina ayenera kukonza thiransifoma ikapsa, kusintha polo ikadyedwa ndi chiswe, kulipira anyamata okwera mapolo aja.

Ndikapereka khumi n'kutenga khumi, bilu yanga n'kukhala ziro, ndiye kuti mawaya ndagwiritsa ntchito kawiri osaponyapo kanthu. Mtengo wake sukusowa. Ukagwera mayi wa mafirizesi uja, amene amachita lendi ndipo sangaike panelo pa denga la eni ake. Ukachedwetsanso waya wopita kumudzi kwathu kumene anthu akuunikirabe tochi. Amene tili ndi sola m'tauni si ife osauka a dziko lino, ngakhale tidaigula movutikira. Lamulo lotikomera ife mopitirira likhala lotengera kwa amene alibe.

Ndiye ine mtengo wotsikirapo ndingaulandire. Chimene sindingalandire ndi chakuti zisawerengedwe n'komwe. Ndikufuna nambala ya 2.8.0 ija ioneke, ndiidziwe, ndithe kuitsutsa ngati yalakwika. Mtengo wake ulengezedwe poyera ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, monga amalengezera mitengo ina, ndipo ukhale wokhazikika zaka zingapo kuti munthu athe kuwerengera asanatenge ngongole. Ku California, ku America, adautsitsa kwambiri mtengowu mu 2023 kwa olowa kumene, ndipo anthu ambiri adatembenukira ku mabatire. Kwathu kuno batire ndi chinthu chodula kuposa china chilichonse pa sola, chimalowa ndi ndalama zakunja, ndipo chimatha.

Mitayonso isakhale ya mtengo wothamangitsa anthu. Phunziro la ku Cape Town ndi limenelo. Ngati mita ndi mapepala ake zidya phindu la zaka zitatu, anthu apitiriza kuchita zimene ndikuchita ine, kumanga CT n'kugoneka mapanelo. Ena, oopsa kwambiri, azingotulutsa mwakachetechete osalembetsa.

Zovuta zake zilipo

Sindikufuna kunamiza munthu kuti ndi nkhani yongosintha mita basi. Thiransifoma ya m'dera idapangidwa kuti izitsitsa magetsi kupita kunyumba. Nyumba zambiri pa mzere umodzi zikayamba kukankha nthawi imodzi masana, mphamvu pa waya imakwera kupitirira muyezo, mababu ndi mafuriji a anthu n'kuyamba kupsa, ma inveta n'kumadzizimitsa okha. Kumene njirayi ikuyenda bwino amaika malire a kuchuluka kwa sola pa thiransifoma iliyonse. Kuti uike malire uyenera kudziwa amene ali pamzerewo, ndiye tabwereranso ku kulembetsa kuja.

China ndi ichi: mzere ukazima masana, palibe chimene ungapereke. Inveta yadzidula, monga iyenera kuchitira. Tsiku limene dera lathu lili pa ndandanda ya kuzima kuyambira m'mawa, mita ya mbali ziwiri ingakhale chete ngati ina iliyonse. Komabe ndimaganiza kuti madenga ambiri akamapereka masana, chifukwa chozimitsira masana chimachepa, ndipo madzi ena a m'madamu a pa Shire angasungidwe kudikira madzulo.

Ndipo madenga amene ndimawaganizira kwambiri si a nyumba ngati yanga. Ndi a sukulu, zimene zimatseka Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi chonse. Ndi a matchalitchi, akuluakulu chonchija, odzaza tsiku limodzi pa sabata. Ndi a nyumba zosungira katundu ku Kanengo ndi ku Limbe. Sukulu imene idalandira sola kwa opereka thandizo imakhala milungu yathunthu mapanelo akungotentha padzuwa. Ikadakhala ndi mita yowerenga zotuluka, tchuthi chimenecho chikadalipira bilu ya teremu yotsatira.

Pakadali pano

Pa mzere wathu palibe nyumba imene ili ndi mita ya mbali ziwiri, ndiye ndimachita zimene ndingathe. Loweruka nyemba ndimaphika pa magetsi masana, makala osagula. Kuchapa, kusita, kupopera madzi m'thanki, zonse ndidazikokera pakati pa 10 ndi 2 koloko. Amayi awiri oyandikana nafe amabwera ndi mayunifolomu a ana kudzasitira pakhonde pathu, ndipo nambala ya pa inveta ikakwera mtima wanga umakhala m'malo. Koma kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu nyumba ndi yokiya, ndipo pamenepo palibe nzeru imene ndaipeza.

Ngati muli ndi sola yolumikizana ndi magetsi a pa polo ndipo mayunitsi akukudabwitsani, yesani zimene adandionetsa abambo aja. Sankhani tsiku la dzuwa, dikirani mabatire adzaze, zimitsani zonse m'nyumba, muyang'ane kanyali ka pa mita. Kakamaphethirabe mothamanga, tsekani siwichi ya mapanelo muone ngati kaima. Kakaima, magetsi anu akutuluka. Mita musaigwire, musadule chidindo chake, ndipo musalole aliyense akuuzeni kuti aikonza mwa njira yake. Itanani mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, mumufunse zinthu ziwiri: ngati CT ilipo ndipo yayang'ana mbali yoyenera, komanso ngati inveta yanu imadzidula yokha ku mzere magetsi akazima. Chachiwirichi mumuuze akuonetseni inu muli pomwepo.